Tsabola m'Chipinda cha Thonje

Mpaka lero ndikalowa m'chipinda chimene chakhala chotseka nthawi yaitali, mphuno zanga zimayamba kufunafuna fungo limene mulibe. Ndi fungo la thonje louma, mankhwala othira m'chimanga, ziguduli zonyowa, ndi msuzi wa matemba wozizira m'kambale ka pulasitiki. Linali fungo la kachipinda ka kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi ku Ngokwe, chaka chimene ndinamaliza Fomu 1. Kunja kunali mphepo ya mu Ogasiti, fumbi ndi utsi wa tchire lopsa, koma ine nyengo imeneyo ndinaithera mumdima, nditakhala pa thumba la chimanga, ndikupuma mosamala pafupi ndi galu wanga.

Dzina lake anali Tsabola. Bambo anabwera naye m'katoni kuchokera kwathu ku Utale ali kamwana kosatha n'kukwera khonde komwe, ndipo ndine ndinamutcha dzinalo chifukwa cha ubweya wake wofiira. Koma ukali analibe. Mlendo akafika ankamuthamangira, mchira ukupukusika mpaka chiuno chonse n'kumagwedezeka nawo. Ndikamapita kumjigo ankandiperekeza, n'kukakhala patali pansi pa mtengo wa mango, chifukwa ankadziwa kuti amayi a kumeneko safuna galu pafupi ndi ndowa zawo. Pobwerera ankayenda patsogolo panga, akucheukacheuka ngati akufuna kuona kuti madzi sakutayika.

Bambo anali mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo poti nyumba za aphunzitsi zinali zosakwana, tinkakhala pamalo pa Abiti Sumani, mayi achisilamu amene amuna awo anamwalira kalekale. Nyumba yawo ndi yathu zinkayang'anizana, bwalo linali limodzi. Anali aatali, a mawu aakulu, ndipo ankakazinga mandasi ogulitsa pamsika. Kuseka kwawo kunali kosowa. Tsiku limene Tsabola anafika anaikiratu lamulo: galu asaponde pakhonde pawo, asanunkhize ndowa kapena mkeka wawo, pakuti kwa iwo malovu a galu ndi najisi, amadetsa munthu wofuna kuswali. Ine ndinkawaopa, ndipo pansi pa mtima ndinkadana nawo pang'ono chifukwa sankamutchula dzina. Ankangoti "chinyama chanucho".

Tchuthi chitangoyamba kunabwera malume anga a Daisoni, kudzagwira ganyu yonyamula mabelo kumsika wa thonje. Sabata yomweyo nkhuku zathu ziwiri zinabedwa, Tsabola osauwa ngakhale kamodzi. M'mawa mwake malume anaima pabwalo, manja ali m'chiuno, akumuyang'ana.

"Tsabola wake uti wosawawa? Uyu ndi tomato," anatero. "Alamu, galu wa mchira wautali amakhala wamantha. Tiyeni tidule kansonga aka, muona mmene alusire."

Bambo anangoseka n'kulowa m'nyumba, osanena kuti inde kapena iyayi. Kwathu ku Utale agalu ambiri ndi odula michira, ndiye panalibe amene anaona chachilendo. Malume anati popeza galuyo amamvera ine, ndimugwire ndine. Ndinamuitana, iye anabwera akudumphadumpha. Ndinakumbatira khosi lake pafupi ndi khola la mbuzi, pamene panali chitsa chowazirapo nkhuni, ndipo ndinkamva mtima wake ukugunda pamkono panga. Chikwanje chinatsika kamodzi. Tsabola analira kulira kumene ndinali ndisanamvepo, koma sanandilume. Malume anatapa dothi la m'kholamo, n'kulisakaniza ndi phulusa, n'kumata pabalapo kuti magazi aleke.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kope la chikuto cholimba mmene ndinkalembamo za tsiku lililonse, monga aphunzitsi athu anatilangizira. Ndikadali nalo. Tsiku limenelo ndinalemba kuti: "Tsabola wadulidwa mchira. Wandikwiyira koma mawa aiwala. Malume ati tsopano akhala galu weniweni."

Anaiwaladi. Koma patatha masiku asanu ndi atatu ndinaona kuti akulephera kutola chakudya pansi. Ankachiyang'ana, n'kuyesa kutsegula kukamwa, osatheka. Tsiku lotsatira nkhope yake inasintha. Makutu anaima n'kuyandikana pamwamba pa mutu, pamphumi panachita makwinya ngati pa nkhalamba, ndipo milomo inakokekera kumbuyo, mano onse ali pamtunda, ngati akuseka chinthu choipa chimene ife sitikuchiona. Dovu linkangoyenderera. Ankayenda miyendo ili gwa, osapinda, ngati benchi yaphunzira kuyenda. Wina atamenya chitini kumsewu, Tsabola anagwa cham'mbali, thupi lonse n'kuuma, msana n'kupindikira kumbuyo.

Pofika masana anthu anali atadzaza kuseri kwa mpanda, ndipo mawu anali amodzi okha: chiwewe. Amuna awiri anabwera ndi zibonga. Malume omwe aja, amene ankafuna galu wolusa, ndiwo anali patsogolo kunena kuti aphedwe asanalume mwana wa eni. Ndinaima pakati pa Tsabola ndi zibongazo ndikulira, Mayi akundikoka diresi, mpaka Bambo anachita manyazi n'kupalasa njinga kukaitana alangizi a ziweto, amene aliyense ankangowatchula kuti a Vetenale.

A Vetenale anali bambo ochepa thupi, osapupuluma. Anagwada, anagwira nsagwada za Tsabola, anaona chiphaso cha katemera, kenako anatukula kotsala ka mchira kaja. Bala linali litatupa, likununkha.

"Wadula ndani apa? Mwathirapo chiyani?"

Malume ankayang'ana nsapato zawo.

"Aka n'kafumbata," anatero a Vetenale. "Mbuzi zothenedwa ndi mpeni wakuda ndaziona zambiri zikufa nako. Koma galu, chiyambireni ntchito yanga, woyamba ndi uyu. Agalu sikawagwira wamba. Tizilombo take timakhala m'dothi la m'khola, ndiye inu mwachita kumuikira ndi manja."

Anauza amuna a zibonga aja kuti kafumbata sapatsirana, ndipo kuti galu wachiwewe akayamba kudwala sadutsa masiku khumi. Ngati sakukhulupirira, awerenge okha masikuwo galuyo ali chitsekeredwe. Atatero anatembenukira kwa ine.

"Mwini wake ndiwe? Tamvera. Jakisoni ndibaya, koma mankhwala enieni ndi mdima ndi bata. Phokoso, kuwala, kumugwedeza, zonsezi zimamukunga thupi, ndipo tsiku lina kukungikako kungamutseke pakhosi. Ukamusunga masabata atatu kapena anayi, akhoza kudzuka."

Chipinda cha mdima pamalopo chinali chimodzi chokha, kachipinda ka kuseri kaja, ndipo kanali ka Abiti Sumani. Ankasungiramo thonje ndi chimanga chawo. Mayi atapita kukapempha, ine ndinali nditakonzekera kale kumva kuti akana. Analankhulana nthawi yaitali pakhonde. Potsiriza Abiti anaponya kiyi pamkeka.

"Thonje langalo mulikankhire kukhoma," anatero. "Chinyama chanucho chikachira mudzazire pansi ndi dothi latsopano."

Tinatseka kazenera ndi katoni, n'kuyala ziguduli pansi. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali imodzi. M'mawa ndinkaphika phala la madzimadzi, n'kuthiramo dzira kapena msuzi wa matemba wosefa, n'kumamumwetsa ndi jakisoni wopanda singano kudzera pampata wa mano a m'mbali. Ndinkathira pang'onopang'ono, n'kudikira kuti pakhosi pagwedezeke, pakuti a Vetenale anati akatsamwa ndiye basi. Kambale kamodzi kankatenga ola lathunthu. Ndinkamutembenuza kuti asachite zilonda, ndinkasintha ziguduli akakodza, ndinkatsuka bala ndi madzi a mchere. Thupi likatentha ndinkamufunditsa chitenje chonyowa. Ndinaphunzira kutsegula chitseko chopanda kulira pothira mafuta ophikira m'mahinjesi, ndipo ndinkalowa wopanda nsapato.

Mumdima umenewo makutu anga anakhala ngati ake. Ndinkamva tambala wa kutsidya asanalire, ndinkamva lole ya thonje ikadali kutali, ndipo ndinkayala dzanja langa pakhutu pake lisanafike phokosolo. Nthawi zina sizinkathandiza. Ankauma m'manja mwanga, miyendo ili tambasu, mpweya ukutuluka ngati mluzu, ine n'kumawerenga chamumtima mpaka thupi litafewa. Maso ake okha ndiwo sanadwale. Ankanditsata kulikonse kumene ndasunthira, ndipo mmenemo munalibe mkwiyo, chinthu chimene chinkandipweteka kuposa akanandiluma.

Panyumba panasintha. Bambo anasiya kutsegula wailesi. A Vetenale ankazimitsira njinga yamoto yawo kumsewu n'kufika wapansi. Mtondo wa Abiti Sumani, umene unkakhala pakati pa bwalo chikhalire, tsiku lina ndinaupeza kuseri kwa mpanda, pansi pa mtengo wa masau. Zimenezi m'kope langa mulibe. Ndinalemba za phala, za mkodzo, za mmene malume ankadyera osandiyang'ana, koma za mtondo sindinalembe. Sindinaone kuti n'zofunika.

Tsiku lakhumi linakwana Tsabola ali moyo. Mmodzi wa amuna a zibonga aja anabwera kudzasuzumira, n'kunena kuti, "Komatu ndi wamakani," n'kumapita. Tsiku lakhumi ndi chinayi nsagwada zinatseguka mpata wolowa chala, ndipo ananyambita yekha msuzi pachikhatho changa. Tsiku lotsatira, nditalowa, ndinamva kaphokoso pa chiguduli. Kanali kotsala ka mchira kaja, kakugwedezeka. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu: "Achira. Sukulu ikamatsegulira adzandiperekeza mpaka pamlatho. Mulungu ndi wabwino, ndipo ine ndikadzakula ndidzakhala vetenale."

Koma imeneyo inalinso nyengo ya zinamwali. Mdzukulu wa Abiti Sumani, Asiyatu, anali ku nsondo, ndipo ankatuluka Loweruka la sabata yomweyo. Aliyense wa ku Ngokwe amadziwa mmene tsiku lotero limakhalira. Namwali amabwera naye kwawo ndi ng'oma, malikhweru ndi nthungululu, pabwalo amaikapo masipika obwereka, ndipo anthu amavina kuyambira masana mpaka fumbi kuphimba denga. Kwawo kwa Asiyatu kunali pabwalo pathu pomwepo, mapazi khumi kuchokera pakhoma la kachipinda kaja.

Lachitatu mitolo ya nkhuni inayamba kufika. Lachinayi amayi anabwera kudzapeta mpunga, akulankhula motsitsa mawu, koma ambiri ndithu. Mapoto aakulu obwereka anawasanja pafupi ndi khitchini. Ine ndinkayang'ana zonsezi ndi mtima wothawa. Madzulo ake ndinaona Mayi ndi Abiti atakhala pakhonde, mitu ili pamodzi, ndipo Mayi atabwerera ndinawatsatira kukhitchini.

"Mayi, nanga Loweruka? Nanga Tsabola?"

"Feli, za akuluakulu zisiye," anatero osatembenuka. "Mbale zija watsuka?"

Bambo nditawafunsa anangoti, "Tiona," maso ali panyuzipepala. Mawu amenewa ndinkawadziwa. Ndi omwe ankanena ndikapempha nsapato. Kwathu mwana akafunsa kamodzi n'kuyankhidwa choncho, kufunsanso ndi mwano, ndipo kupita kwa Abiti Sumani kukawafunsa za phwando la mdzukulu wawo chinali chinthu chimene sichikanabwera n'komwe m'mutu mwanga. Ndinangoganiza kuti alendo ngati ife sitingaletse eni malo kusangalala chifukwa cha galu, ndipo kuti makolo anga avomereza kale kuti Tsabola afe. Lachisanu lonse ndinakhala mumdima ndikukonza nzeru yanga. Tinali ndi kamunda kobwereka kufupi ndi dambo, komwe kunali msasa wa udzu wolondereramo mbalame. Kumeneko ng'oma zikanangomveka ngati kugunda kwa mtima.

Loweruka m'mawa Mayi anapita ndi amayi anzawo kukatunga madzi a paphwando, Bambo anapita kumsonkhano wa kutchalitchi, malume kumsika. Mapoto ndi nkhuni zinali pomwepo pabwalo, ndipo kutali ng'oma inali itayamba kale kuyesedwa. Ndinatenga njinga ya Bambo, ndinamanga dengu lalikulu pakaliyala ndi malegeni, n'kuyalamo ziguduli. Tsabola anali atapepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinamunyamula, n'kumufunditsa chitenje kumaso. Anandinyambita dzanja pamene ndinkamuika m'dengumo.

Sindinakwere njingayo, ndinkangoikankha. Koma njira ya kudambo ndi ya mizu ndi mabampu a mizere yakale, ndipo dzuwa linakwera msanga. Mphepo inkakankha chitenje, kuwala n'kumamulowa m'maso amene anakhala masiku khumi ndi asanu ndi awiri mumdima. Anauma koyamba tisanadutse manda, ndinaima, ndinawerenga, anafewa. Ndinaganiza zobwerera, koma kumbuyo ng'oma inali ikulira, ndiye ndinapitirira. Anauma kachiwiri pamene tayala linagwera m'kadzenje. Kachitatu kanali pafupi ndi munda wa chinangwa wa eni, msasa wathu ukuoneka patsogolo. Ndinamutsitsa n'kumugoneka mumthunzi, ndinamuphimba ndi thupi langa, ndinawerenga mpaka ndinasokoneza manambala. Mluzu uja unachepa, kenako unaleka. Makutu ake anagwa pansi kwa nthawi yoyamba chiyambireni kudwala, ndipo nkhope yake inabwerera kukhala ya Tsabola.

Sindikudziwa kuti ndinakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji. Ndinamusiya mumsasa, nditamufunditsa, n'kubwerera kunyumba ndi dengu lopanda kanthu kuti ndikatenge khasu. Ndinkayembekeza kupeza fumbi ndi masipika. Ndinapeza bwalo lili zii. Nkhuni panalibe. Amayi atatu anali akutuluka pachipata atasenza mapoto, ndipo Abiti Sumani, atavala zoyera ndi mpango watsopano, ankakhoma loko pachitseko chawo. Anayang'ana njinga, anayang'ana dengu, anayang'ana chitseko cha kachipinda chimene ndinachisiya chotsegula.

"Iwe, chili kuti chinyama chija?"

Ndinawauza. Ndinawauzanso chifukwa chake, ndipo ndikuganiza kuti ndinanena mwamwano, pakuti ndinkafuna amve kuwawa.

Abiti anazula kiyi paloko.

"Phwando tasamutsira kwa mng'ono wanga kutsidya," anatero. "Ndinawauza amayi ako Lachinayi. Abale anga andinena mpaka kutopa, ati ndikuthamangitsa mdzukulu pakhomo pake chifukwa cha galu wa alendo." Anapukusa mutu. "Sanakuuze?"

Mayi anafika nthawi yomweyo ndowa ili pamutu. Atamva, anaitsitsa pansi mofulumira mpaka madzi anatayika.

"Ndiye iwe osadikira bwanji?" anatero. "Ndinakuuza kuti za akuluakulu zisiye. Zinali zitakonzeka kale."

Bambo ndi ine tinakamuika pafupi ndi msasa madzulo ake. Nthaka ya mu Sepitembala inali yolimba, khasu linkangodumpha. Bambo anakumba, thukuta likudontha pamalaya awo a kutchalitchi. Kutsidya ng'oma zinkamveka bwinobwino, ndipo nthungululu zinkabwera ndi mphepo. Titabwerera kunyumba malume anandiuza kuti ndisalire, kwawo kuli galu wobereka, adzandibweretsera wina. Palibe amene anawadzudzula, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Patatha sabata ndinazira pansi pa kachipinda kaja ndi dothi latsopano, monga tinagwirizanirana, ngakhale kuti chinyama chathu sichinachire.

M'kope langa tsamba la Loweruka limenelo lili ndi mizere itatu yokha. Ndinalemba kuti malume apha galu wanga, kuti Mayi andibisira dala, ndipo kuti sindidzalankhulanso ndi munthu wamkulu aliyense. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndinkafuna wolakwa amene ndingamuloze ndi chala, bola chalacho chisaloze ine. Mayi ndinawakwiyira teremu yonse. Abiti Sumani ndinkangowadutsa ndi moni wa pakamwa, chifukwa kuwaona kunkandikumbutsa kuti bata limene ndinkalithawira kudambo linali pakhomo pomwepo. Tinasamuka ku Ngokwe chaka chotsatira, ndipo anamwalira ndisanawathokoze.

Tsopano ndikudziwa kuti Mayi sanandibisire dala. Nditakula ndinawafunsa, ndipo anadabwa kuti ndikukumbukirabe. Anati sanaganize kuti zimene akuluakulu apangana n'zofunika kuuza mwana, pakuti iwonso sanauzidwepo. Ndikuwakhulupirira, koma kuwawa sikunachoke, kunangosiya kukhala ndi mwini. Aliyense pabwalo paja anachita zimene anthu amachita, ndipo mmodzi yekha, amene sankatha n'kumukhudza komwe galuyo, ndiye anachita zoposa. Tsabola anali atatsala ndi sabata imodzi, mwina awiri. Ine ndikanangofunsa kachiwiri. Iwo akanangoyankha koyamba.